Kavani ka Che Mahmoud Kakhala pa Manyowa

Pulani inabadwira ku Mayville, kuseri kwa shabini ina yopanda dzina, pa tebulo lomwe mwendo wake umodzi unali kreti ya mowa. Linali Lachinayi dzuwa lisanalowe, anthu akungoweruka kumene, ndipo azamba ake analipo atatu.

Woyamba anali Alexander, yemwe aliyense ankamutchula kuti Minisita, chifukwa jekete sankavula ngakhale Durban atatentha chotani, ndipo sankayamba kuyankhula asanakweze chala. Makolo ake anali a ku Dedza koma iye anabadwira ku Harare, choncho Chichewa chake chinkanunkhira Chishona. Wachiwiri anali Kudakwashe, dzina la ntchito Budoza, wotsitsa katundu m'mafakitale a ku Jacobs. Uyu pomuumba dothi lonse linathera m'mapewa, la kumutu anachita kukokola. Wachitatu anali Idrissa wa ku Mangochi, wosamalira maluwa panyumba ina ku Morningside. Anzakewo ankamutcha Shehe chifukwa iwo akamapapira mowa iye ankayamwa botolo la jinja. Anali munthu wabwino ndithu, koma anabadwa ndi chilema chimodzi: mawu oti ayi m'kamwa mwake munalibe.

"Amuna anzanga," anatero Minisita chala chili m'mwamba, "wapolisi amagwira munthu wotani?"

"Wakuba," anayankha Budoza.

"Bodza. Amagwira wonyamula. Ukaika matayala anayi kumbuyo kwa galimoto akufunsa lisiti. Koma unamvapo wapolisi akufunsa lisiti ya matayala amene galimoto ikuyendera?"

Budoza anaganiza mpaka mitsempha inatuluka pachipumi, kenako anapukusa mutu.

"Ndiye mverani. Abwana ake a Shehe ali ku Cape Town. Galimoto yawo aisiya m'yadi itavekedwa chinsalu mpaka kumapazi. Mamagi ake, marimu onyezimira aja, aise, ukhoza kumeterapo ndevu, ndipo ku Jacobs kuli mkulu wina amene akuwafuna dzulo. Mawa tilowa ndi kavani ka Che Mahmoud. Tigulula matayala ake okalambawo, tiveka galimoto ya abwana, tibwezera chinsalu. Mamagi tiveka kavani, tituluka ngati akwati. Ku Jacobs mkulu uja atenga mamagi, kavani akaveka matayala ena akale. Madala adziwa chiyani? Tayala lakale ndi tayala lakale. Galimoto zonse ziwiri ndi za ku Jeremani, mabowo asanu asanu, ndi pachibale."

Atamva dzina la Che Mahmoud, jinja anamuwawa Idrissa pakhosi. Mkuluyu anali ndi golosale ku Mayville komweko, ndipo ndiye anali malume ake a Aminah, mwini mbumba. Aminah ndiye mtsikana amene Idrissa anamuyendera mpaka nsapato zinatha zidendene. Loweruka lomwelo akwawo kwa Idrissa amayembekezeka kunyumba kwa Che Mahmoud kukamva mawu omaliza. Pokonzekera alendowo, mkuluyu anali atamuuza Idrissa kuti Lachisanu atenge kavani akanyamule mipando ndi mapoto ku Jacobs. Mayville yense ankadziwa kuti kavani kameneko ngakhale ana a mwini wake sakagwira chiwongolero. Sikunali kutuma kumeneko, anali mayeso.

"Kavani ka eni ake, akuluakulu," anatero Idrissa motsitsa mawu.

"Ndiye tikadya? Tikungokabwereka miyendo," anatero Minisita. "Iwe Shehe, ukulowa m'banja ndi chiyani? Bedi ulibe. Mwana wa eni ake ukamugoneka pa kamatiresi kako kaja konga chigumu? Dilu imodzi yokha, ugula bedi la mutu, firiji pamwamba."

Idrissa anaona m'maganizo mwake Aminah atakhala pa bedi la mutu, akutsegula firiji ndi chala cha kuphazi. Anafuna kukana, Mulungu ndi mboni, koma chimene chinatuluka chinali china.

"Nanga mabawuti achinsinsi aja? Tayala lililonse lili ndi bawuti imodzi ya mutu wozungulira, yojambulidwa maluwa. Sipanala wamba siigwira. Imafuna kakiyi kake." Anakankhira botolo la jinja pambali. "Kamakhala m'kabokosi ka kutsogolo. Ndimakaona ndikamatsuka."

Minisita anaimirira n'kumupsompsona pachipumi. Budoza anamenya tebulo, kreti inasuntha, mabotolo onse anagwa. Anaitanitsa ena, namwera mamagi amene anali asanawakhudze n'komwe. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, Che Mahmoud anaima pakhomo pa golosale atavala mkanjo woyera wopita nawo ku mzikiti. Anatulutsa makiyi pang'onopang'ono ngati akuzula dzino lawo lomwe.

"Che Idrissa, kavani aka kali ngati nkhalamba. Mukakakalipira kamakhosomola."

"Ndikasamala, bambo," anatero Idrissa, akulandira ndi manja awiri, bondo litapindika.

"Ku mzikiti simufika lero?"

"Ndikapempherera ku Jacobs komweko, bambo."

Aminah anasuzumira kuseri kwa matumba a mpunga n'kumuponyera kadiso. Idrissa anakaliza kavani mtima uli m'mwamba, chifukwa cha chikondi mbali ina, mantha mbali ina. Pakona anatola Minisita, amene anali atavala ovolosi yobwereka pamwamba pa jekete, ndi Budoza, amene ananyamula chipaipi chachitali ndi hamala yoswera miyala.

"Hamalayo ya chiyani?" anafunsa Idrissa.

"Imandipatsa mtima," anatero Budoza.

Ku Morningside misewu inali zii, agalu okha akuwuwa mwaulemu kuseri kwa mipanda. Idrissa anadina kabatani, geti linatseguka lokha. Kavani kanalowa n'kukaima pambali pa galimoto ya abwana. Atavundukula chinsalu, mamagi anang'anima mpaka Budoza anavula chipewa.

Jeke inalipo imodzi yokha, ya m'kavani, pakuti galimoto za masiku ano za anthu olemera siziyenda ndi jeke. Sipanala nayo inalipo imodzi, ya mtanda. Munthu wamutu akanasintha tayala limodzi limodzi. Koma Minisita anakweza chala.

"Dongosolo, amuna anzanga. Ku fakitale sayamba izi n'kusiya izo. Kavani kavule nsapato zonse kaye, kenako tipite kwa bwana mkubwa. Budoza, tenga njerwa zija tikhazikepo kavani."

Njerwa zimene ankalozazo zinali zozungulira bedi la maluwa. Idrissa anaziyala yekha ndi chingwe, imodzi imodzi, ndipo alendo a abwana ankazijambula. Apa ndiye kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mawu aja anapezeka.

"Ayi. Njerwa zanga ayi. Mundiphera marozi."

"Tikuba matayala, iwe ukulira maluwa?"

"Matayala si anga. Marozi ndi anga." Anathamangira kuseri kwa galaja n'kubwera akukankha wilibala yodzaza matumba a manyowa, ogula kusitolo, otseka bwinobwino. "Awa ndi olimba ngati simenti. Tisanjikiza atatu atatu."

Minisita anaponda thumba limodzi ndi nsapato yake yosongoka, nagwedeza mutu ngati injiniya wa boma. Posakhalitsa kavani ka Che Mahmoud kanali katakhala pa milu inayi ya manyowa, kopanda tayala ndi limodzi lomwe, ndipo kunena zoona kanaoneka kokhutira.

Tayala loyamba la abwana linachoka ngati likuwayembekezera. Idrissa analowetsa kakiyi pa bawuti ya maluwa ija, sipanala pamwamba, kukhotetsa kamodzi, basi. Anavekapo tayala la kavani, lakuda ngati mphika. Budoza ananyamula magi pamutu n'kuvina nalo kuzungulira dziwe losambira. Minisita anayamba kugawa maudindo a kampani imene adzatsegule. Idrissa naye anaseka mpaka misozi, akuona firiji ija ikukula, ikumera chitseko chachiwiri.

Pa tayala lachiwiri bawuti yachinsinsi inakana. Amene anaimanga anaimanga ndi mfuti ya mphepo ya amakaniki ija, ndipo mchere wa m'nyanja ya Durban unamalizitsa ntchito.

"Pang'onopang'ono," anatero Idrissa.

"Pang'onopang'ono ndi za maluwa," anatero Budoza. Analowetsa chipaipi chija pa mkono wa sipanala, anabwerera m'mbuyo, nalumphirapo ndi miyendo yonse iwiri.

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, thwa, kosayenerana n'komwe ndi kukula kwa tsoka lake. Budoza anagwa chagada m'maluwa. Kakiyi kanagubuduzika pasimenti kali zidutswa ziwiri, mano ake atatsala m'mutu mwa bawuti.

Anakazungulira atatuwo ngati anthu ozungulira nkhuku yogundidwa ndi njinga.

"Ndi ka ku China," anatero Minisita pomaliza.

"Tibwezere zonse tizipita," anatero Idrissa. Firiji inali itazima. Chimene ankaona tsopano chinali nkhope ya Che Mahmoud. "Chonde akuluakulu. Mipando ikundidikira."

"Kubwerera ndi magi limodzi? Tikagulitsa kwa wa wilibala? Khala phee, Shehe. Chilichonse chili pa foni."

Anakhala pansi mitu itagundana, akuonera mzungu wina wandevu akufotokoza za bawuti yotere m'galaja yake yoyera ngati chipatala. Mzunguyo anati choyamba mubwezere mabawuti ena onse ndipo muwamange kwambiri, kuti yachinsinsiyo ipepukidwe. Anabwezera, namanga. Anati galimoto itsike pansi kuti tayala lisazungulire. Anaitsitsa.

"Ndiye kuti tikukonza galimoto ya abwana kapena tikuba?" anafunsa Budoza.

"Ndi sayansi," anatero Minisita.

Kenako mzungu uja anatenga soketi, mlomo wa sipanala wochotseka uja, yocheperako pang'ono, naikhomerera ndi hamala pamutu pa bawuti mpaka inaluma, napotokola, bawuti n'kutuluka ikumwetulira. Soketi iwo analibe. Koma sipanala ya mtanda ili ndi milomo inayi, ndipo umodzi unali wotsala pang'ono kukwana. Budoza anayang'ana hamala yake ngati mayi woona mwana wake akuitanidwa kukalandira mphoto.

Anamenya. Morningside yense anamva. Mbalame zinathawa m'mitengo, agalu anasiya ulemu uja. Anamenyanso, namenyanso, mpaka mlomo wa sipanala unameza mutu wa bawuti wonse.

"Tsopano pota," anatero Minisita.

Budoza anapota ndi chala chimodzi chokha, sipanala n'kuzungulira. Inazungulira mofewa, mokoma, osaima. Anaomba m'manja. Inazungulirabe. Patapita kanthawi Idrissa anagwada n'kuyang'anitsitsa, ndipo anaona kuti bawuti sinasunthe ngakhale pang'ono. Mutu wake unali ndi kamkombero kakunja kongozungulira pachabe, koikidwira dala anthu ngati iwowa. Akanaonera kanema uja mpaka kumapeto akanamva mzungu akuchenjeza za kamkombero komweko, koma Minisita anali atazimitsa kuti asunge data.

Anayesa kuikoka sipanala. Inakana. Budoza anaponda tayala ndi phazi n'kukoka mpaka galimoto yonse inagwedezeka. Sipanala inali itakwatiwa, ndipo inalibe maganizo obwerera kwawo.

Idrissa anayang'ana zida zawo zonse. Sipanala inali yomweyo. Popanda iyo panalibe chobwezera matayala a kavani. Anatembenuka kuti akaone kavaniko, ndipo anaona kuti kafupika.

Matumba aja anali ataphulika mwakachetechete, limodzi limodzi, nthawi imene iwo ankaonera mzungu. Manyowa anali atamwazika m'mbali, ndipo kavani kanali katagona chamimba pasimenti ngati ng'ombe yokana goli. Pansi pake sipakanalowa jeke, ngakhale dzanja la mwana.

"Mayo ine," anatero Idrissa chapansipansi. Anagwada n'kuyamba kufukula manyowa ndi manja, koma akafukula kavani kamatsikiranso. Mantha amene anamugwira sanali a ndende. Ankaona Loweruka likumuthawa, Aminah ali m'kati mwake.

"Sanibonani, madoda. Kwenzenjani la?"

Pageti, lomwe mwa nzeru zawo anaiwala kutseka, panaima Baba Khuzwayo, mlonda wa kampani yolondera msewuwo, bambo wamimba yake, wokonda kucheza. Chichewa chinazima pomwepo ngati kandulo, monga chimachitira pa Durban mlendo akayandikira. Minisita anakonza kolala ya ovolosi n'kutsanula Chizulu.

"Yebo, baba, siyasebenza. Ndife amakaniki. Abwana atituma tisinthe matayala iwo asanabwere, koma taonani zimene amagula anthu olemera. Kakiyi ka pulasitiki."

Khuzwayo ankamudziwa Idrissa, ankapatsana moni m'mawa uliwonse, choncho sanakayike kanthu. Anaona sipanala ili lende pa tayala, naikankha ndi chala. Inazungulira. Anaseka mpaka anagwira bondo, naikankhanso.

"Eish, inenso zinandichitikira pa galimoto ya mlamu wanga. Patseni hamalayo."

Anavula chipewa cha ntchito, napatsa Idrissa wailesi yake kuti amugwirire, nayamba kumenya sipanala cham'mbali. Budoza ankamuwerengera nyimbo. Minisita ankapereka malangizo manja ali m'thumba. Wakuba ndi mlonda anatuluka thukuta limodzi, akusinthana hamala mwachibale, mpaka mkono umodzi wa sipanala unapindika. Bawuti inali pomwepo.

"Apa pafunika wowotcherera," anatero Khuzwayo akupuma mwabefu. "Awotcherere nati pamwamba, ndiye mumasule. Komanso jeke yaing'ono ya kavaniko. Mulibe anzanu?"

"Anzathu?" Minisita anamwetulira. "Baba, ife anzathu ndi mtundu wonse."

Anapita kuseri kwa mtengo ndi foni yake. Idrissa anali kalikiliki kufukula, ndipo sanamve chimene chinkanenedwa kumeneko. Anangomva foni yake ikunjenjemera m'thumba. Anapukuta manja pa buluku n'kuitsegula.

Amalawi a ku Mayville ali ndi gulu lawo la pa foni. Ndi pomwe amalengeza maliro, kupezerana maganyu, kubwerekana makwerero ndi mapoto. Lamulo lake silinalembedwe koma aliyense amalidziwa: mnzako akaitana umapita, chifukwa kunja kuno mawa ndi iwe. Munthu akasowa chipangizo, chala chimathamangira pagulupo chokha mutu usanafunsidwe. Pamenepo ndi pomwe Minisita anaponya mawu ake, ndi malo ake enieni, ndi chithunzi kuti anthu amvetse kukula kwa vuto. Pachithunzipo panali kavani katagona m'manyowa, dzina la golosale ya Che Mahmoud likuwerengeka bwinobwino m'nthiti mwake.

"Minisita," anatero Idrissa, Chizulu ataiwala. "Wapampando wa gulu lija ndi ndani?"

Chala cha Minisita chinakwera, chinaima pakati, chinatsika chokha. Wapampando anali Che Mahmoud.

"Ndifufuta."

"Aona kale anthu makumi."

Inali nthawi yomwe anthu amatuluka mu mzikiti, aliyense akuyatsa foni pakhomo.

Idrissa anaganiza zothawa. Koma akathawa kavani akasiyira ndani? Budoza anayesa kukanyamula yekha kumbuyo, bampala n'kutsalira m'manja mwake. Anaiika pambali mwaulemu. Minisita anayamba kuyeza kutalika kwa mpanda ndi maso, koma pamwamba pake panali mawaya a magetsi, ndipo pageti Khuzwayo anali atakhala pa magi lija akudzipepesa ndi chipewa, akufunsa ngati m'nyumbamo mungapezeke madzi ozizira.

Anthu a pagulu anayamba kufika. Choyamba inali galimoto ya bakki ya Rahman wowotcherera, makina ake ali kumbuyo pamodzi ndi amuna ovala mikanjo yoyera. Kenako tekisi yodzaza. Kenako anyamata osamalira maluwa ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za Morningside momwemo, wina ndi jeke, wina ndi bokosi la masipanala, mayi wina ndi fulasiki ya tiyi poti pamavuto sipapitidwa chimanjamanja. Yadi ya abwana inadzaza moni. Chichewa ndi Chiyao, zimene zimayenda chobisala m'misewu imeneyi, tsiku limenelo zinamveka mpaka kutsidya.

Woyamba kumufika Idrissa anali Aminah. Anadumpha mu tekisi isanaime bwino, mpango uli pambali, namugwira mikono, namuyang'ana kumutu mpaka kumapazi.

"Mwavulala? Ndaona chithunzi, ndimayesa mwagubuduzika nako." Misozi inali m'maso. "Galimoto ndi chitsulo, bola muli moyo."

Idrissa akanakonda Aminah akanamumenya mbama. Chisoni chimene chinamugwira chinali choti sakanatha ngakhale kunama.

Che Mahmoud anatsika pa bakki pomalizira. Anapereka moni kwa Khuzwayo, kwa amayi, kwa aliyense mwa dongosolo lake. Kenako anayenda mozungulira kavani kawo manja ali kumbuyo. Anaona bampala ili pa kapinga, matumba a manyowa ataphulika, njerwa zili phee mozungulira marozi. Anaona matayala awo atatu atatsamira khoma. Anayenda mpaka pa galimoto ya abwana, naima nthawi yaitali akuyang'ana tayala lawo lachinayi litavekedwa pamenepo. Anakankha sipanala ija ndi chala, inazungulira.

"Che Idrissa," anatero mofatsa, "kuno ndi ku Jacobs?"

"Ayi, bambo."

"Ndimayesa mwina asuntha."

Minisita analowererapo chala chili m'mwamba. "Madala, nkhani yake ndi yoti timafuna kukuchitirani sapulaizi. Kavani kanu kafike pa mwambo wa mawa katavala mamagi."

"A ndani?"

Minisita anatsitsa chala n'kuyamba kukonza kolala ya ovolosi.

Che Mahmoud sanakalipe. Anapinda manja a mkanjo n'kuuza amuna kuti mutu umodzi susenza denga. Anthu anazungulira kavani, wina anayambitsa nyimbo yokokera ngalawa, ndipo kanadzuka m'manyowa kali m'manja mwa anthu, mikanjo yoyera ikuda mpaka m'mawondo. Ena analowetsa majeke, ena anagulula tayala lija pa galimoto ya abwana n'kubwezerapo magi, Khuzwayo atapemphedwa mwaulemu kuti adzukepo. Ntchito imene inawatengera akatswiri athu masana onse inatha tiyi wa mayi uja asanazizire. Rahman anayang'ana bawuti yachinsinsi, nayang'ana sipanala yopindika, nanena kuti iye sawotcherera pa galimoto ya munthu mwini wake asanamuuze ndi pakamwa pake.

"Zoona zimenezo," anatero Khuzwayo. "Dikirani ndiwaimbire. Ndiwauzenso kuti amakaniki awo akuti kakiyi kanali ka pulasitiki."

Minisita anatsegula pakamwa, koma foni inali italowa kale. Anthu onse anamva mbali imodzi yokha ya nkhaniyo.

"Yebo, sir... amakaniki anu aja... amene munawatuma... a matayala." Nkhope ya Khuzwayo inayamba kusintha. Anayang'ana matuza a m'manja mwake, nayang'ana hamala, nayang'ana atatu aja. Anavala chipewa chake pang'onopang'ono, nalanda wailesi yake kwa Idrissa, amene anali akuisungabe pa lamba mokhulupirika.

"Inu atatu, khalani pansi apo. Hhayi, ndakumenyerani hamala ine, bambo wa ana."

Anawakhazika pa mulu wa manyowa, poti ndi pomwe panali pafupi. Anthu anayamba kutuluka mwakachetechete, aliyense ndi chipangizo chake, pakuti kumene kukubwera apolisi munthu wakunja sachedwako. Mayi wa tiyi anadutsa pafupi ndi Idrissa, nayamwa mano, natsanulira Khuzwayo kapu yotsala. Za kavani Khuzwayo sanalimbane nazo. Ankafuna mboni zomva kuti iye anamenya nawo hamala zichoke msanga.

Che Mahmoud anaima patsogolo pa Idrissa n'kutambasula dzanja. Idrissa anagwada, napereka makiyi ndi manja awiri monga anawalandirira, koma tsopano anali ndi manyowa.

"Bambo, ndinalakwa. Ndimafuna bedi, kuti Aminah..."

"Ine mayi a kunyumba ndinawakwatira tikugona pa mkeka," anatero Che Mahmoud akupukuta makiyi ndi kansalu. "Kuba ndi tchimo, ndipo Mulungu amakhululuka amene walapa. Zimenezo mukambirana ndi Iye. Koma ine ndinakupatsani chinthu changa chimodzi kwa masana amodzi, inu n'kuchikhazika pa manyowa kuti maluwa a mzungu asavulale. Mwana wa mlongo wanga mudzamukhazika pati?"

Idrissa anayang'ana kwa Aminah. Anali atakhala kale kutsogolo kwa kavani, mpango atakonza, maso ali kutsogolo. Sanalire ndipo sanatukwane. Anagwira chopukusira galasi n'kuyamba kupukusa, galasi lokalambalo likukwera monyinyirika, likulira, mpaka linatseka.

Che Mahmoud anaponya bampala kumbuyo, nalowa, naliza injini. Kavani kanakhosomola kawiri. Asanatuluke pageti anatulutsa mutu pawindo.

"Za mipando musavutike nazo, Che Idrissa. Mawa kwathu kulibe alendo."